Kajuzi ka mikono yosiyana

Lululuuu! Alemekezeke Mulungu! Esinati mwana wanga, watisekeretsa, watipatsa mdzukulu!

Muli bwanji ku Joniko, iwe ndi bambo a mwana? Ife kuno ku Bangwe tilipo, kungoti BP yangayi.

Nditamva uthenga ndinavina pakhonde, kenako ndinakhala pansi n'kulira, poti malemu achemwali anga, mayi ako, sanamuone mwanayu. M'chikwama chawo chomwe tinabwera nacho kuchokera kuchipatala ndinapezamo kajuzi kachikasu, singano zili pompo. Ankaluka mobisa, paja za mwana wosabadwa sitionetsa anthu. Kanangotsala mkono umodzi.

Ndinati ndimalize ine. Wulu anandithera, ndinazungulira Limbe yense koma chikasu chofanana osachipeza. Komanso ine poluka ndimakoka kwambiri, iwo ankaluka momasuka. Mkono wangawo watuluka wothina, mtundunso wotuwa.

Neba wanga, amake Pilirani, atakaona anaseka. "Asisi, mwanayo adzaoneka ngati wabwereka mkono! Phwasulani konse muyambirenso."

Ndinaugwiradi ulusi kuti ndikoke. Esinati, manja anakana. Ndikanaphwasula bwanji pomwe zala za mayi ako zinadutsa komaliza?

Ndiye ndikatumiza choncho pa basi ya Lachisanu. Chonde usachite nako manyazi. Udzamuveke tsiku la ubatizo, unditumizire chithunzi. Akadzakula udzamuuze kuti mkono wakumanzere wokha ndi wanga, kwina konseko amufungatira ndi agogo ake.

Mwezi ukatha ndikutumizira kangachepe ka sopo wa mwana. Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mayi ako aang'ono,
Nabanda