Lole ya Madamu Yapita ku Hewe

Lolemba, 5 Meyi

Mnzanga Pamela akuti bwanji ndikuvala nsalu ya chipani ngati gogo, ine mtsikana wa dipuloma. Iwe Pamela, sindikutsatira nsalu ayi, ndikutsatira Madamu Nyamhango! Anandiphunzitsa Sitandade 8, ndipo ndi okhawo amene anapita kwa adada kukanena kuti mwanayu asakwatiwe, apite ku sekondale ku Phwezi. Pano akufuna u MP, mapulaimale ndi Loweruka. Ine ndine wa foni: manambala a madeligeti onse ali ndi ine, mameseji ndimatumiza ine.

Lero pamsonkhano munthu wafunsa za mlatho wa pamtsinje wathu. Madamu akuti, "Sindinama kuti ndimanga. Ndikakuvutitsirani boma mpaka litope nane." Anthu kuseka, nthungululu! A Overton, mkulu wa kampeni, angogwira mutu. Akuti munthu wandale amati "ndimanga" basi, zinazo n'za mawa.

Ine 2035 ndikuima. Ndalemba pano kuti ndisadzakane.

Lachiwiri, 6 Meyi

Maliro. Madamu anakhala pafupi ndi mkulu wina wa chipani amene anathyola mpanda wa sukulu n'kulimapo fodya. Polankhula anamutchula kuti "bambo wathu wachitukuko." Ine maso tong'o. M'galimoto ndinafunsa.

"Ndameza, Mtende," akutero. "Ali ndi madeligeti makumi awiri. Usandiyang'ane choncho, ndamva kuwawa kwake ndekha."

Chabwino. Mwina ndale ndi choncho. Koma amavomera, ena sakanavomera n'komwe.

Lachitatu, 7 Meyi

Zavuta.

Mapulaimale amayenera kuchitikira pasukulu ya ku Hewe, kwathu, komwe a Raphael Chavula, opikisana nafe, ali ndi anthu ambiri. Lero a Overton abwera akumwetulira, akuti agwirizana ndi anzawo ena kuti malo asinthe, tikavotere pabwalo la mpira la kuno kuseri kwa msika. Kalata yodziwitsa a ku Hewe "ichedwa panjira." Iwo akasonkhana pasukulu, pomadzazindikira ife tawerenga kale. Anthu a njinga ndi oyenda pansi, makilomita makumi atatu, afika bwanji?

"Mtende, meseji ipite kwa athu okha. Okha, wamva?"

Ndinayang'ana Madamu. Ankapukuta magalasi. Anapukuta, anapukuta.

Adada ndi deligeti wa ku Hewe. Ali mbali ya a Raphael, sitinabisane, timasekana nazo pafoni. A Overton akudziwa. Potuluka anandigwira paphewa: "Apa m'pamene tione ngati uli wandale kapena mwana wa adada."

Ndatumiza. Mameseji 143.

Lachinayi, 8 Meyi

Adada aimba. Akuti amata chubu cha njinga, Loweruka alawirira kuti akakhale kutsogolo kwa mzere. "Uwauze a Madamu ako asalire chomene tikawagonjetsa." Ndinaseka. NDINASEKA. Ndinati yewo adada, n'kudula.

Sindinadye.

Lachisanu, 9 Meyi

Mmawa Madamu andipeza pakhonde ndikungoyang'ana foni. Akuti wadwala? Ndinati ayi. Kenako zinangotuluka zokha, za chubu, za kulawirira, zonse, mamina ndi misozi, manyazi ake!

Anakhala pansi pa sitepe, munthu wamkulu ndi suti yake ya kutchalitchi.

"Masiku awiri ndakhala chete," akutero. "Ukudziwa chifukwa? Ndimafuna kuwina. Ndikufunabe mpaka pano. Bweretsa foniyo."

Anaimbira a Raphael, mawu akumveka kwa tonse.

"A Chavula, malo asintha. Mubwere kuno pabwalo la mpira, naini koloko."

A Raphael akuti: "Nyamhango, uwu ndi msampha wanji?"

"Msampha unali dzulo, lero ndikuuchotsa. Ndikutumizirani lole mawa m'mamawa."

"Lole yanu? Idzatitsitse m'thengo?"

"Mukwere kutsogolo ndi dalaivala, mugwire makiyi akamapita kokodza."

Ndinaseka ndikulira. Lole imeneyo ndi imene tinakonza kuti itenge anthu athu a m'midzi ya kuno. Madamu akuti athuwo ali pafupi, ayende.

A Overton atamva anafika ngati mphepo. "Madamu, ndale si Sande sukulu! Miyezi isanu ndikuvutika! Mukaluza mlatho uja amanga ndani, chilungamo chanu?" Ndipo apa sanalakwe kwenikweni, a Raphael zaka zonsezi sanabwereko kudzaona mtsinjewo. Madamu anati, "Mwina palibe amange, a Overton. Koma ine ndikapite ku Lilongwe anthu nditawasiya atakhala pasukulu ngati ana odikira mphunzitsi amene sabwera? Ndinakalipira aphunzitsi zaka makumi atatu chifukwa cha zimenezo." A Overton anavula kapu yathu n'kuisiya patebulo. Apita.

Mameseji ena 131, a ku Hewe. Zala zikuwawa koma eee, mtima!

Loweruka, 10 Meyi

Lole inafika itadzaza, anthu akuimba nyimbo zotinyoza ife, m'lole yathu yomwe! Adada anatsika atavala kapu ya a Raphael, fumbi mpaka m'nsidze.

Kavotedwe kake: opikisana amaima kutsogolo atatembenukira uko, madeligeti n'kufola kumbuyo kwa amene akumufuna. Woimayo saona. Ife owonera timaona zonse. Ndinkayang'ana msana wa Madamu, wowongoka ngati pa asembule, ndi mizere iwiri ikukula. Mkulu wa fodya uja, "bambo wachitukuko," anatenga anthu ake makumi awiri n'kukafola kwa a Raphael. Akuti a Overton anamuimbira. Amayi anayi a ku Hewe anachoka kwawo n'kubwera kwathu, m'modzi akuti, "Lole takwera ya mayiyu." Adada sanasunthe. Kutsogolo kwa mzere wa a Raphael, monga ananenera.

139 kwa 126. Taluza.

Madamu anatembenuka, kuvala magalasi, kuwerenga mzere wawo okha ndi chala ngati akuitana maina m'kalasi. Kenako anapita kukagwira a Raphael chanza.

Adada anandipeza pansi pa mtengo. Ndimayesa ayamba kundiseka. Ayi.

"Mtende. Zosintha malozi iwe unadziwa liti?"

Bodza linali pakamwa penipeni. Dzulo, adada. Liwu limodzi, a Overton akanandiombera m'manja.

"Lachitatu."

"Ndiye Lachinayi ndikukuuza za chubu..."

"Eya, adada."

Sindinadziwe kuti Madamu ali kumbuyo kwanga. "Nanenso Lachitatu, a Kumwenda. Ndinali m'chipindamo, mwanayu anandiyang'ana, ine ndinakhala chete. Muyambe ndi ine."

Adada anavula kapu ija, kuipinda, kuiika m'thumba la jekete.

"Yewo chifukwa cha lole, Nyamhango," anatero. Kenako kwa ine, osandiyang'ana: "Kwera. Amama ako akukufuna."

Ndikulemba ndili m'lole, zilembo zikupindika. Onse akuimba za kupambana. Nsalu ya Madamu sindinavule. Adada akhala pafupi nane, sanandilankhulebe, koma pa mabampu akugwira chikwama changa kuti chisagwe.