Njira Inali ya Mwana Wanga

Lolemba, 9 Juni

Dzanja ndi la mpongozi wanga, mawu ndi anga. Ine sukulu ndinalekezera pomwe anzanga ankayamba kulumikiza zilembo, ndipo maso nawo atha. Ndawauza kuti alembe monga ndikunenera, asakometse, asachotsepo.

Anthu a pamaliro apita onse. Yatsala ndi mipando ya eni ake yomwe sanabwere kudzatenga, ndi ife awiri.

Mwana wanga, amene doko lonse linkamutcha Kaputeni, anamwalira Lachiwiri lapitali m'mawa, kunja kukuwala bwinobwino, nyanja ili bata ngati madzi a m'beseni. Ankabwera kuchokera kokagwira nsomba, atatsala pang'ono kulowa padoko. Boti lina linabwera mopingasa n'kugunda lake m'nthiti. Iye anagwa, mutu n'kumenya chitsulo. Woyendetsa boti linalo ndi asewere anga, bambo ake a mpongozi amene akulembayu. Lembani, mayi. Ndi bambo anu, ndikudziwa, koma lembani.

Lachitatu la sabata yamawa mkulu wa padoko aitana onse ku ofesi kuti anene wolakwa. Ine wolakwayo ndikumudziwa kale. Mwana wanga anali ndi setifiketi yoyendetsera boti, iyo ili pakhomayo m'galasi. Mayeso ake anakhoza ulendo umodzi pomwe ena amabwereza mpaka imvi. Zaka zonsezi boti lake silinakandikepo ngakhale utoto. Asewere ndi a msinkhu wanga. Ine bowo la singano sindiliona. Iwo boti analiona?

Ndikufuna dzina la mwana wanga lituluke loyera mu ofesi imeneyo. Zina zonse andilanda kale.

Lachiwiri, 10 Juni

Tiyi ndathira makapu atatu. Dzanja silinamvebe za maliro.

Lachitatu, 11 Juni

Mkulu wa padoko anabwera kudzapepesa. Munthu waulemu, nsapato anavulira pakhonde ngakhale ndinamuletsa. Ndinamuuza kuti kupepesa ndamva kwambiri sabata ino, chimene ndikufuna n'chakuti andiuze lamulo likuti chiyani, m'mawu oti nkhalamba imve.

Anatenga masupuni awiri patebulo. Akuti panyanja palibe msewu wojambula, koma malamulo alipo. Maboti awiri a injini akakumana maso ndi maso, lililonse limakhotera kumanja kwake. Akamadutsana mopingasa, woyendetsa amene akuona mnzake kumanja ndiye amapatuka, n'kudutsa kumbuyo kwa mnzakeyo.

Ndinafunsa kuti tsiku lija ndani ankaona mnzake kumanja. Anagwira supuni yoimira boti la asewere.

"Ndiye njira inali ya mwana wanga?"

"Inali yake, mayi. Komano..."

Komano wakeyo sindinamudikire. Ndinamuwonjezera tiyi mpaka kusefukira m'sosa. Atangotuluka ndinakaima pampanda n'kuitana mayi wa ayisi, uja amagulitsa kwa asodzi. Ameneyo ukamuuza nkhani m'mawa, pofika masana ngakhale nsomba zamva. Ndinamuuza kuti njira inali ya Kaputeni, boma lanena lokha ndi pakamwa pake.

Mpongozi anatsuka masupuni awiri aja nthawi yoti munthu akanatsuka mbale za ukwati.

Lachinayi, 12 Juni

Asewere anabwera. Ndinawaonera pawindo ataima pageti, chipewa chili m'manja, jekete ya kumaliro ija sanaisinthe. Aonda ngati akhala mwezi m'chipatala.

Sindinatuluke. Ndinauza mpongozi akawauze kuti tionana Lachitatu ku ofesi, kumene kuli mipando yokwanira. Anapita ndi kapu ya madzi, zomwe sindinawatume. Analankhula pang'ono chapansipansi. Chimene ndinamva n'chimodzi, mdalayo akufunsa kuti, "Akudya koma?"

Zikuwakhudza chiyani ngati ndikudya?

Munthu ameneyu tinkaseka naye kale. Tsiku la ukwati wa anawa anandiuza kuti wandipatsa mwana wodziwa kuphika, ine ndamupatsa mkamwini wosalankhula, ndiye wapindula ndi iyeyo chifukwa phokoso anali nalo lokwanira kunyumba. Ndinaseka mpaka duku kugwa. Musalembe zimenezo. Kapena lembani, zinachitika.

Loweruka, 14 Juni

Makaniko, wokonza injini ya boti lija, anabwera ndi nsapato za jombo za mwana wanga ndi botolo lake la tiyi. Ndi munthu wamkulu wapabanja, wayenda naye m'boti kuyambira pomwe Kaputeni analigula, ndipo tsiku lija anali pambali pake penipeni. Anaika katunduyo pansi n'kuyamba kutsanzika asanakhale n'komwe.

Ndinati, "Khala pansi iwe. Wadya zakudya za m'nyumba muno mpaka mimba kutuluka, lero mpando ukukuwotcha?"

Anakhala m'mphepete mwa mpando. Ndinamuuza andifotokozere zonse, kuti Lachitatu ndisakamvere limodzi ndi alendo. Anayang'ana mpongozi, anayang'ana denga, kenaka akuti, "Amayi, zina zisiyeni zipite ndi madzi."

Ndinamuuza kuti madzi atenga zokwanira.

Ndiye ananena. Akuti maboti onse awiri anaonana patali, nthawi inalipo yambiri. Mdala uja analiza hutala kamodzi, kutanthauza kuti akukhotera kumanja, n'kuyambadi kukhota kuti adutse kumbuyo kwawo monga lamulo linenera. Kaputeni akanangopita molunjika, akanadutsana n'kukwezerana manja. Koma atazindikira kuti botilo ndi la apongozi ake, anachepetsa injini. Akuti anati, "Aaa, ndi abambo awo. Sindingawadutse kutsogolo." Anavula chipewa n'kupotoza chiwongolero kumanzere kuti iyenso adutse kumbuyo kwa mdalayo. Aliyense ankafuna kumbuyo kwa mnzake. Anakumana pomwepo.

Makaniko akuti anakuwa kuti tawongolani, tawongolani, koma boti si njinga, silimva msanga.

Ndinamutchula wabodza. Ndinamufunsa kuti asewere amulonjeza ntchito kapena chiyani. Anangodzuka n'kunena kuti, "Amayi, ine ndi amene ndinamunyamula." Anatuluka osatseka chitseko.

Jombo zija zili pomwe anazisiya. Mkati mwa ya kumanzere muli sokosi.

Lamulungu, 15 Juni

Kutchalitchi sindinapite. Akanandiimbira nyimbo zondiyang'ana.

Ndinatuma mpongozi atenge buku la malamulo a panyanja lomwe mwana wanga ankawerenga pokonzekera mayeso, lija lotupa ndi chinyezi. Ndinati apeze pamene pali komano wa mkulu wa padoko uja. Anapapeza msanga, moti ndikuganiza kuti anali atapawerenga kale payekha.

Akuti boti limene njira ndi yake lisasinthe kolowera, lisasinthenso liwiro, kuti wopatukayo adziwe pokuzemba. Likaona kuti mnzakeyo sakupatuka ndiye lichitepo kanthu, koma ngakhale apo lisakhotere kumanzere ngati mnzakeyo ali kumanzere kwake. Ndinati awerengenso. Anawerenganso, mawu ake omwewo. M'mbali mwake mwana wanga anadulamo mzere ndi pensulo. Ankalidziwa lamulolo. Anakhoza nalo mayeso.

Amene analemba buku limeneli analibe apongozi.

Mwana uja ndinamulera ndekha bambo ake atamwalira, m'chipinda chimodzi kuseri kwa malo okonzera maukonde. Ndinalibe choti ndimupatse koma khalidwe. Ndinkamuuza kuti munthu wamkulu sumudutsa kutsogolo, umazungulira kumbuyo kwake, ngakhale utanyamula madzi otentha. Ali wamng'ono anazungulirapo mdala wina yemwe anaima pakhomo la sitolo, anazungulira mpaka kugwera m'ngalande, n'kudzuka matope okhaokha akupepesa. Sitolo yonse inaseka, ine ndinayenda mutu uli m'mwamba sabata yathunthu. Atakula, ndevu zili pachibwano, ankatsikabe njinga akaona apongozi ake pamsewu. Mdalayo ankachita kumukalipira kuti bambo, mudzachedwa kuntchito chifukwa cha ine.

Sindinamulere molakwika. Lembani zimenezo ndi zilembo zooneka. Azimayi a padoko pano ankalozera ana awo mwana wanga.

Koma bwanji sanasiye ulemuwo pamtunda, pamodzi ndi njinga?

Lolemba, 16 Juni

Mayi wa ayisi wandikuwira pampanda kuti doko lonse lili mbali yanga, mdala uja aona polekera. Ndamuyankha kuti mutu ukundipweteka.

Lachiwiri, 17 Juni

Lero mpongozi ndi amene anayamba kulankhula, tikusankha nyemba pakhonde. Kuyambira tsiku la maliro sanayambepo nkhani okha.

Akuti bambo awo akanena mawa kuti boti la Kaputeni sanalione mpaka litafika pafupi, kuti maso awo achita nkhungu, kuti hutala sanalize, ndipo Kaputeni anakhota pothawa iwo. Apita kale kwa Makaniko kukamupempha kuti akangoti anali pa injini, sanaone kanthu. Tsiku lija pageti ankabwera kudzandiuza zimenezo, kuti mtima wanga ukhale pansi.

Ndinafunsa kuti akatero chiwachitikire n'chiyani. Akuti awalanda mapepala oyendetsera boti, mwina nkhani ipita kukhoti, poti pafa munthu.

Ndinafunsa kuti nanga inu mukuti bwanji. Anati, "Amayi, ine uyu ndi mwamuna wanga, awo ndi bambo anga. Kulikonse kumene igwere, igwera ine." Anapitiriza kusankha nyemba. Sanandipemphe kanthu. Akanandipempha bwenzi nditakana, n'kupeza pokalipira.

Ndiye chimene ndakhala ndikufuna chija chabwera chokha mpaka pakhomo. Ndingokhala chete mawa, dzina la mwana wanga lituluka loyera, setifiketi ikhalabe pakhoma yopanda banga, mayi wa ayisi aimba nyimbo yanga mpaka chaka chamawa.

Nyemba zija taziphika koma palibe wazidya.

Lachitatu, 18 Juni

Ndinavala diresi yomwe mwana wanga anandigulira atalandira setifiketi. Ofesi yake ndi yaing'ono, fani ikulira kudenga, pakhoma pali mapu a nyanja ndi chithunzi cha maboti awiri, lina lofiira lina lobiriwira. Asodzi anadzaza mpaka pawindo. Makaniko anakhala kumbuyo, maso ali pansi.

Asewere anaimirira n'kuyamba monga anakonzera. Maso anga atha, bwana. Sindinamuone mwanayo. Ankalankhula bwinobwino ngati munthu wowerenga, mlembi akulemba. Kenaka anati, "Iye anabwera molunjika ndithu kutsogolo kwanga, monga lamulo limulolera, sanachepetse, sanandiyang'ane n'komwe, mpaka pomwe anaona kuti ndimugunda."

Pamenepo ndi pomwe ndinapezeka ndaimirira. Sindinakonze. Mawondo anangodzuka okha.

Ndinati, "Asewere, khalani pansi. Munthu mukumunenayo si mwana wanga."

Mkulu wa padoko anati mayi, nthawi yanu ifika. Ndinamuuza kuti nthawi yanga inafika kalekale iye asanabadwe. Ena anaseka pawindo.

Ndinati mwana wanga sanadutsepo kutsogolo kwa munthu wamkulu chibadwire, pamtunda kapena pamadzi, ndipo sayamba lero ali m'manda. Ndinatembenuka n'kuti, "Makaniko, ndinakutchula wabodza m'nyumba mwanga. Imirira unene zomwe unandiuza, ndi za chipewa zomwe."

Ananena zonse, akulira ngati mwana. Asodzi awiri a boti lina anavomera kuti hutala anaimva, kamodzi. Mkulu wa padoko anafunsa asewere ngati zili choncho. Anangogwira tebulo.

Chigamulo anachiwerenga masana. Boti lopatuka linapatuka m'nthawi yake ndipo linachenjeza. Boti limene njira inali yake linachepetsa liwiro n'kukhotera kumanzere, mosemphana ndi lamulo, ndipo ngozi inachokera pamenepo. Anatchula dzina lonse la mwana wanga, ndi la bambo ake lomwe. Ndinalimva likudutsa m'chipindamo. Sindinagwe. Ndinayang'ana fani.

Mapepala a asewere, omwe anapereka kwa mlembi polowa, anawabwezera pomwepo.

Panja pali benchi yoyang'ana kumene amamangirira maboti. Ndinakhala pamenepo. Anthu ankandizungulira patali, mayi wa ayisi sindinamuone n'komwe. Asewere anabwera n'kukhala kumapeto kwa benchiyo, mpongozi ataima pakati pathu osadziwa kolowera.

Ndinkayesa anena zikomo, ndipo ndinali nditakonza kale mawu owabweza nawo. Koma anali okwiya.

"Mwandilanda, asewere. Chinali chokhacho chimene ndikanamupatsa mwana uja. Anandivulira chipewa, ine ndikumuona, chiwongolero chili m'manja mwangamu. Ndinakuwa kuti pita, pita mwana wanga, njira ndi yako. Injini zinameza mawu."

Ndinali ndisanamvepo munthu wina akumutchula kuti mwana wanga.

Anadzuka n'kumapita cha kumsewu, osati cha kuboti lawo. Mapepala aja anawasiya pabenchi, mphepo n'kuyamba kuwatembenuza. Mpongozi ankayang'ana bambo awo, sanawaone. Ndinawaponda ndi chikhatho asanauluke.

Ali m'chikwama changa muno. Mayi, mwasiyiranji kulemba? Pukutani m'maso mumalize. Mawa mukawauze bambo anu kuti mapepala awo ali kwa ine, ndipo sindituma munthu. Abwere okha adzatenge.