Tebulo 14

Lolemba

Mlonda 07:52
alamu, ndaona dzina lanu pa list. tebulo 14, floor yachiwiri. koma malamulo mwawerenga?

Telala 08:10
ndawerenga. mawa ndikubwera ndi makina anga

Mlonda 08:11
vuto ndi lomwelo. malowo akuti ndi a anthu a ma laptop. muli zii ngati mchipatala

Telala 08:16
asanagwetse kashopu kanga kuti amange chinyumba chawocho anati chani pa meeting paja? malo otchipa ogwirira ntchito kwa anthu a dera lino. ine ndine wa kuti? kusoka si ntchito?

Mlonda 08:18
anatinso ntchito kwa anthu 200. talembedwa 6, tonse alonda kkkk

Telala 08:25
[uthenga wamawu 1:47]

Mlonda 08:26
ndili pageti sindingamvere. lembani plz

Telala 08:31
lamulo 9 likuti makina a magetsi opanga phokoso saloledwa. angawa ndi opalasa ndi phazi. zaka 19 sanalaweko magetsi olo tsiku limodzi

Mlonda 08:33
achimwene anakwatira loya osadziwa

Lachiwiri

Telala 09:05
ndakhazikika. amayi a pa tebulo 13 akundiyang'ana ngati ndalowa ndi mbuzi

Telala 09:48
omwe aja andinong'oneza ngati ndimaika zipi

Mlonda 10:40
alamu zavuta. manager wandiitana. akuti makinawo akapezeka pa tebulo 14 ikamakwana 12, ine ndivule uniform ndisiye pageti

Mlonda 10:41
sakudziwa kuti ndinu alamu anga. ndamuuza za lamulo 9, wati malamulo analemba ndi iye

Mlonda 10:44
mukudziwa ndakhala zaka ziwiri pakhomo osagwira ntchito. mwana akubadwa mwezi wamawa

Mlonda 10:58
alamu?

Telala 11:12
ndamva. ntchito musataye chfkw cha ine. koma ine ndi manja angawa sindiwatulutsa. ulendo woyamba ndinasenza ndekha, ndikuthokozanso anthu ondigwetsera shopu. mpaka lero zimandiwawa

Telala 11:14
ma uniform a sukulu akufunika lachisanu. kunyumba ndi chipinda chimodzi, mukukudziwa. ndikadulira nsalu pa bedi?

Telala 11:15
bwerani munyamule ndinu. sindikusungirani chakukhosi

[foni yosayankhidwa 11:30]

Telala 11:46
ndatsika panja kuti musachite manyazi pamaso panga. mugwire bwino, lamba wake ndi wokalamba. mukandipeza pageti

Telala 11:59
pageti palibe mlonda olo mmodzi. muli kuti nonse?

Mlonda 12:04
tachotsa

Telala 12:05
nanga ali kuti

Mlonda 12:07
tebulo 15

Telala 12:07
chani??

Mlonda 12:09
anati asapezeke pa 14. za 15 sanatchule. palibe munthu, komanso ndi pawindo, muziona bwino ulusi. mumayesa odziwa kuwerenga malamulo ndinu nokha?

Telala 12:10
alamu mwapenga. akuchotsani

Mlonda 12:13
tanyamula tonse 6, aliyense wagwirako. ma uniform aja anabwera size imodzi ngati matumba, anatipindira ndani ulele? akafuna achotse tonse, pageti akaime yekha ndi taye wakeyo

Telala 12:15
mwandiliza pa msewu anthu akuona. iye akuti chani?

Mlonda 12:16
wadzitsekera mu office, akuimba mafoni. mantha ndili nawo, sindikunamizani. koma kwerani

Telala 12:29
[uthenga wamawu 0:22]

Mlonda 12:31
simunalankhule kanthu. ndangomva makina okhaokha

Telala 12:32
uthenga wake ndi womwewo

Mlonda 12:50
watuluka. akubwera uko ndi pepala lina. akuti makina achoke pa 15

Telala 12:51
abwere. ndili mkati mwa kolala, sindiima

Telala 12:51
inu mukuti bwanji?

Mlonda 12:53
ndawerenga matebulo. alipo 40

Mlonda 12:53
anzanga akupinda kale manja a malaya