Masamba Osafuna Dothi

Pa esiteti ya fodya,
Namitete,
19 Ogasiti 1956

Okondedwa alamu anga a Timothy,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino kumeneko ku Halale. Kodi chifuwa chija chinakusiyani? Ife kuno tikudzuka bwino. Amayi anu ku Mpingu nawonso ali bwino, kungoti andikwiyira, ndipo nkhani yake ndi imene ndagwirira pensuloyi. Khalani pansi, alamu, chifukwa ine mtima ukudumphadumpha ngati kamwana ka mbuzi.

Paja ndimagwira ntchito m'nyumba ya mzungu wa esiteti ino. Dona wake ali ndi bokosi lagalasi lodzaza madzi, lalikulu ngati sutikesi yanu ija, ndipo amawetamo nsomba. Musaseke. Tinsomba take n'tochepa kuposa matemba, sitidyedwa, ntchito yake n'kungoyang'anidwa basi. Pamwamba pa madziwo pamayandama timasamba tobiriwira, mizu yake ili lende ngati ndevu.

Mu Meyi dona anapita kwawo kwa miyezi itatu. Pochoka anati akadzapeza masambawo ali moyo adzandipatsa nyumba ya njerwa ya kuseri kwa chigafa cha fodya, ya anthu apabanja. Inu mukudziwa kuti ndatha zaka ziwiri pa ukwati ndi mlongo wanu Tabita, koma ndimamuona Lamulungu lokha. Ndinavomera dona asanamalize n'kuyankhula komwe.

Tsono ine mwana wa mlimi ndinayang'ana mizu ija n'kumva chisoni. Ndinati azungu kulima sadziwa, mbewu yanji yokhala popanda dothi? Ndinapinda malaya, n'kuokera timasamba tonse mumchenga wa pansi pa bokosilo, m'mizere yowongoka ngati ya fodya. Chivundikiro chagalasi ndinatseka kuti fumbi lisalowe, katani n'kukoka kuti mbewu zanga zisapse ndi dzuwa. Tsiku limenelo ndinayenda modzitama ndithu.

Sabata isanathe masamba anachita chikasu. Sabata yachiwiri anasungunuka ngati therere, madzi anayamba kununkha, nsomba ziwiri n'kutembenuza mimba m'mwamba. Ndinatsala ndi timasamba titatu tokha. Ndinachita mantha, alamu, chakudya chinkandikanika.

Loweruka lina Tabita anabwera ndi mbatata. Ndinamulowetsa pakhomo la kukhitchini n'kumuonetsa munda wangawo. Anaseka mpaka kugwira khoma. Anati ndine mlimi woopsa, tsiku lina ndidzaokera bakha. Anati masamba onga amenewa amawakankha ndi chikho m'mawa uliwonse potunga madzi kudambo la kwanu, ndipo sanaonepo munthu akuwakwirira.

Anazula titatu tija n'kutisiya pamwamba pa madzi. Anatsegula katani, nati dzuwa la m'mawa lizifika koma la masana ayi. Chivundikiro anachitsamiritsa pa kamtengo, poti thukuta lake limadonthera pa masamba n'kuwaoletsa. Akuti mizu ikonda madzi koma msana wa tsamba ufuna kuuma. Madzi onunkha aja anati ndizichotsa pang'ono tsiku lililonse, atsopano ndizithira m'mbali mwaulemu, osati kukhuthula ngati ndikumwetsa ng'ombe.

Alamu, zinaphuka! Tsamba lililonse linatulutsa kamwana pa kaulusi, kamwanako n'kutulutsanso kake. Pofika mu Julaye madzi sankaoneka. Ine ndinafuna kuvina, koma Tabita atabweranso anandikalipira kuti nsomba zipumira pati. Anati ndizipatulira monga tichitira ku nazale, ndisiye bwalo loti kuwala kulowerepo ndi nsomba zidyerepo.

Ndikupatulira choncho ndinaona timaso tiwiri tikundiyang'ana m'mizu. Tiana ta nsomba! Tinabisala m'ndevu zija kuti akuluakulu asatimeze. Ine ndinawerenga khumi ndi tinayi, Tabita akuti khumi ndi tisanu, ndipo mpaka lero tikukanganabe.

Dona anafika sabata yatha. Atasuzumira m'bokosimo anakuwa mpaka bwana anathamanga kuchokera kuchigafa, kuyesa mwalowa njoka. Dona anati zaka zinayi akuweta nsombazi, ana sanapulumukepo. Atandifunsa kuti ndinachita bwanji, lilime linafuna kunena kuti ndi nzeru zanga. Koma ndinaulula zonse, za nsomba ziwiri zija, za mizere yanga, ndi za mlongo wanu. Anaseka ngati Tabita yemwe, kenako n'kundiponyera kiyi wa nyumba ija.

Tsopano apa ndi pamene pensulo ikulemera. Tabita ali kuno. Ndinakamutenga Lachitatu, osadikira mawu anu. Chimwemwe chinandithamangitsa, ndipo ndalakwa. Amayi atumiza uthenga woti chitengwa chopanda mawu a mwini mbumba ndi kuba, ndipo mwezi uno ukatha inu musanayankhe, Tabita abwerere kumudzi. Akabwerera, nyumbayi aipereka kwa wina, poti si ya mbeta kapena ya munthu wogona yekha.

Pali chinanso choti mumve kwa ine, osati kwa anthu apanjira. Mlongo wanu ali ndi pakati, mwezi wachinayi uno. Ndikufuna kumuona m'mawa ndi madzulo, osati Lamulungu lokha.

Chonde alamu, lemberani amayi msanga. Auzeni kuti nthawi ikakwana ndidzamuperekeza ndekha kuti akachirire m'manja mwawo. Auzeninso kuti khasu langa la pamunda pawo sindinalitaye, mvula ikagwa ndizifika Loweruka lililonse. Zonse zofunika pa mwambo ndichita monga munganenere. Bokosi lija landiphunzitsa kufunsa ndisanaokere chinthu, n'chifukwa chake ndikufunsa, ngakhale ndachedwa.

Mundiperekere moni kwa akazi anu a Nellie ndi ana, ndi kwa onse akwathu amene mumakumana nawo kumeneko. Mulungu akusungeni pa ntchito yanu ndipo akufewetseni mtima powerenga.

Ndine mlamu wanu wolakwa koma wokondwa,
Fanuel Chikoti

Ndisanamate envulopu, Tabita akuti ndiwonjezere mawu ake. Akuti kiyi wa nyumba wamumangirira pa nsonga ya nsalu yake, ndipo amene akumufuna abwere adzamasule yekha.