Ndikufufuza mphamvu zimene zinatsekera bambo anga

Aphungu,

Ndine mtsikana wa chaka chomaliza ku yunivesite. Kafukufuku wanga ndi wokhudza mphamvu za mapulezidenti, makamaka zotsekera munthu osamuzenga mlandu. Mutuwu sindinausankhe mwangozi. Bambo anga anali kalaliki wa kukhoti. Anatengedwa ine ndili wakhanda, anabwerako atatheratu thupi, ndipo sanakhalitse.

Vuto langa nlakuti zolemba za akatswiri sindikuzipeza. Ndimakhala pa kompyuta ya pakona mu laibulale, pansi pa fani yosazungulira, nkulemba funso langa lonse m'nkhokwe ya zolemba ya pa intaneti. Mwina sipatuluka kanthu, mwina pamangotuluka za mapulezidenti a makampani. Aphunzitsi ondiyang'anira anandibwezera chaputala choyamba, amvekere, "Apa pali mkwiyo wokhawokha, umboni uli kuti? Ukapanda kukonza, chaka chino sumaliza."

Kunyumba nako mayi mtima suli m'malo. "Makina amenewo amasunga dzina lako," anatero. "Bambo ako anapita chifukwa cha mafunso omwewa." Tsopano ndimaopa kulowetsa nambala yanga ya sukulu pa kompyutapo, ndipo oyang'anira laibulale ndimaopanso kuwafunsa. Mnzanga akuti akudziwa munthu wolembera ophunzira kafukufuku pomulipira. Ndipite kumeneko, kapena ndingousiya mutuwu?

T.M.K., mumzinda

Mwana wanga,

Pepa za bambo ako. Mutuwo usausiye, koma sintha kafunsidwe.

Nkhokwe si munthu, siimva chiganizo chathunthu. Ipatse mawu awiri kapena atatu, m'Chingerezi poti zambiri zinalembedwa m'chinenerocho, mawu otanthauza: mphamvu za pulezidenti, kutsekera popanda mlandu. Lowa m'nkhokwe ya zamalamulo ndi ndale, chonga zolemba zounikidwa ndi akatswiri zokha, ndipo uziyamba wawerenga chidule. Ukapeza cholemba chimodzi chabwino, pita kumapeto kwake. Zimene wolembayo anawerenga zikulozera kwina.

Oyang'anira laibulale uwapeze mawa lomwe. Ntchito yawo ndi imeneyo, ndipo zolemba zotsekedwa, zimene nkhokwe ikukaniza kutsegula, angathe kukuitanitsira. Uwafunsenso mosapsatira kuti ndani amaona zimene wafufuza. Mantha a mayi ako usawapeputse, iwo anaona ndi maso zimene iwe unangomva. Yankho ukalipeza, kakhale nawo pansi uwafotokozere.

Wolembera anthuyo mupewe. Ukagwidwa akuchotsa sukulu, iye nkumapitiriza malonda ake. Konzekeranso mtima: upeza akatswiri ena akuikira kumbuyo mphamvu zomwezo, mwaulemu ndi mwaluso. Uwawerenge mpaka kumapeto ngakhale zikuwawa, chifukwa tsiku loteteza kafukufuku wako adzakufunsa za iwowo, osati za bambo ako.

Aphungu