Akuti ndichotse zonse za Benedict mu kompyuta

Aphungu,

Ndili ndi kaofesi kotaipira pafupi ndi boda ya Mchinji, ndimakonza zikalata za madalaivala a malole. Kompyuta yanga imayendera pulogalamu yaikulu yotchedwa Ubuntu, ndipo anandiikira ndi Benedict, chibwenzi changa chakale. Mwezi wamawa ndikumanga ukwati ndi a Wilson ku Ludzi.

Sabata yatha a Wilson anatsegula pulogalamu yoimbira nyimbo yotchedwa amarok, n'kupezamo nyimbo za ku Zambia zomwe Benedict ankazikonda. Nkhope yawo inagwa. Anati, "Stelia, mnzathuyu akuimbabe muno? Chotsa zake zonse."

Ndinatsegula teminolo, polembera malamulo a kompyuta, n'kulemba sudo apt-get remove amarok. Inachoka bwinobwino. Koma kompyuta inatulutsa chigulu cha mayina achilendo, ati anabwera ndi amarok, tsopano alibe ntchito, ndiwachotse ndi autoremove. Apa ndiye mantha andigwira. Makhadi oitanira anthu ku ukwati sindinasindikize, intaneti ndilibe yoti n'kubwezera chomwe chachoka, ndipo pulinta ikangofa, wodziwa kuidzutsa kuno ndi Benedict yekha. A Wilson akungoti, "Dina basi, ukumumvera chisoni?" Kodi ndidine?

S.P., Mchinji

Mwana wanga S.P.,

Mantha akowo ndi anzeru, usachite nawo manyazi. Pulogalamu siyenda yokha. Ikamalowa imabwera ndi tina toithandiza, ngati mlendo wobwera ndi ana. Mlendo wapita, ana atsala pakhonde. Ntchito ya autoremove ndi kuwaperekeza, koma nthawi zina imatengera limodzi ndi mwana wa pakhomo.

Choyamba, sindikiza makhadiwo lero, usanakhudze chilichonse. Ukwati sudikira kompyuta.

Ukatero lemba apt-get -s autoremove. Ka -s ako n'kongoyesezera: kompyuta ikuonetsa zomwe ingachotse popanda kuchotsa kanthu. Werenga dzina lililonse modekha. Ukaona cups kapena hplip, ima kaye, zimenezo ndi za pulinta. Lemba sudo apt-get install cups, chimodzimodzinso hplip. Poti zilimo kale, kompyuta ingozilemba kuti mwini wake akuzifuna, ndipo autoremove izilambalala. Dzina lina likakukayikitsa, zisiye zonse momwemo, sizidya chimanga. Ukakhutira, lemba sudo apt-get autoremove, n'kuvomera ndi Y.

Nyimbozo dziwa kuti sizinachoke, zili mufoda yako. Uzifufute wekha.

Tsopano za a Wilson. Nsanje pang'ono siipha, koma mawu oti "zonse" aja sanandisangalatse. Ubuntu yemweyo anaika ndi Benedict. Ukachotsa zonse utsala ndi bokosi lokhalira, ndipo ntchito yomwe ikudyetseni nonse awiri ithera pomwepo. Akhazike pansi, ngati n'kotheka pamaso pa ankhoswe, amve zimenezi ukwati usanachitike.

Akakakamirabe kuti udine osawerenga, uwauze chonchi: pulinta ikafa, okagogoda kwa Benedict ndi iwowo, pa njinga yawo, ataisenza.

Aphungu