Nyimbo Yopanda Mwini

Champiti,
Ntcheu.
21 Julayi 2024

Okondedwa achemwali anga Aida,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno chisanu chafika poluma, kachewere takumba, ndipo mayi ali bwino kupatula mwendo wawo uja. Kalatayi ndapatsira a Yoramu, amene akubwerera kumeneko Lachisanu.

Ndikudziwa kuti mwakwiya poti foni zanu sindikuyankha. Si mwano ayi. Ngakhale nditayankha, simungandimve. Mawu anga atha, achemwali.

Zinayamba chaka chatha pa ukwati wina ku Lilongwe. Holo inali yodzaza, ine ndili pakati pa nyimbo, ndipo pofika pamene mawu amakwera, khosi linangotseka. Nditayesanso, kunatuluka kamphepo chabe. Anthu anaomba m'manja poganiza kuti ndatengeka mtima. Ine ndinati ndi chimfine, ndipo ndinakhalira kumwa mandimu ndi uchi. Kenako a situdiyo anasiya kundiitana, a maukwati nawonso chimodzimodzi. Mu Epulo, ine ndi mlamu wanu Sellina tinalongedza katundu n'kubwerera kumudzi. Mayi ndinawauza kuti ndatopa ndi moyo wa m'tauni.

Kwaya yathu ya ku Mlangeni, imene ndinayambitsa ndili mnyamata inu mukuyimba alto, ilipobe. Akuitsogolera Chrispin, uja ndinamuphunzitsa kuyimba besi. Anandipempha kuti ndikawaphunzitse nyimbo yatsopano, ndipo ndinapita. Mukudziwa kuti anthu athu sawerenga manotsi, amagwira ndi khutu. Umayamba iwe kuyimba, iwo n'kutsatira. Ndinaima kutsogolo n'kutsegula pakamwa kuti ndipatse a soprano mzere wawo. Anadikira. Mtsikana wina kumbuyo anaseka, mnzake n'kumutsina.

Chrispin anati, “Aphunzitsi, khalani pansi. Muzingogogoda pa benchi, ine ndiziyimba.”

Ndinagogoda. Iye anayimba zokoma ndithu, koma sizinali zimene zili m'mutu mwanga, ndipo ndinalibe njira yomukonzera. Sindinapitekonso.

Sabata yatha kunali maliro kutsidya, kwa a Nathan aja ankakonza njinga. Tili kumanda, amayi a mvano anayambitsa nyimbo imene ndinapeka bambo atamwalira ndi chifuwa chawo cha kumigodi. Mukuikumbukira, tinaiyeserera awiri kuseri kwa nkhokwe. Mawu ena asintha, ndipo amaikoka pang'onopang'ono kuposa mmene ndinaipekera. Pafupi nane panaima bambo wina mlendo wochokera ku Dedza, akuyimba ndi mtima wonse. Sindikudziwa chimene chinandigwira, koma ndinamunong'oneza kuti nyimboyi ndinapeka ndine.

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. “Achimwene, musamaname pamaliro,” anatero. “Iyi ndi nyimbo yakalekale. Agogo anga ankaiyimba.”

Ndinapsa mtima, osabisa. Zaka zonse zija ndikuyendayenda ndi makwaya, kumveka pa wailesi, lero kwathu komwe kuno ndine wabodza! Koma nditayang'ana kumene kunakhala azimayi, ndinaona mkazi wa malemuyo, amene ankadzigwetsa pansi chiyambire m'mawa, atakhala tsonga, akuyimba nawo. Mpaka lero sindikudziwa ngati ndikondwere kapena ndilire.

Tsopano ndinene chimene ndakhala ndikuzungulira. Ku chipatala ku Blantyre apeza chotupa pakhosi panga, ndipo si chabwino. Akuti achichotsa mu Seputembala pamodzi ndi kholingo. Ndinafunsa adokotala ngati ndidzayimbenso. Iwo anati, “Bambo, tiyambe taona za moyo wanu. Ngakhale kuyankhula kumene kudzavuta.”

Sellina yekha ndiye akudziwa. Amadzilimbitsa pamaso panga, koma akapita kudimba amabwera maso ali psuu. Mayi sakudziwa kanthu. Dzulo lomweli amandidzudzula kuti ndayamba kunyada, ati sindiyimbanso m'tchalitchi chifukwa ndinazolowera maholo akuluakulu. Ndayesa kuwauza, koma khutu lawo mukulidziwa, kunong'ona kwanga sakumva, ndipo nkhani ngati iyi sindingaitumize kudzera mwa munthu wapadera.

Chonde achemwali, pemphani tchuthi mubwere Ogasiti asanathe. Mudzawauze ndinu, ine ndili pambali panu. Musanditumizire mankhwala kapena zovala, mungobwera. Ndikufuna ticheze pakhonde pamene kampweya kakadalipo, ngakhale mudzachite kusendeza khutu pafupi.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Mwana wanu Janeti mumuuze kuti malume ake sanaiwale lonjezo. Nyimbo ya ukwati wake wa mu Disembala ndamaliza kupeka, ndipo ndikuona kuti ndi yabwino kuposa zonse zimene ndinapekapo. Koma ayambiretu kufunafuna wina wodzamuyimbira.

Ndine mlongo wanu wokukondani,

Raymond